Chibwibwi cha a Malachy

Nuala ankapaka batala pa buledi ngati munthu wosafuna kuti ntchitoyo ithe. Ankatenga chidutswa chimodzi, n'kuyendetsa mpeni kuyambira pakati mpaka m'mbali monse, kenako n'kuchisanjika pa chinzake. Batala anali atalimba ndi kuzizira kwa m'mawa, ndipo akati afulumire buledi ankang'ambika. Patebulo panali nyama ya nkhumba yodulidwa mopyapyala, makeke amene anansi anabweretsa, ndi makapu obwereka ochokera m'nyumba zosiyanasiyana, ena amaluwa, ena obenthuka pakamwa.

Bambo ake, a Malachy Mulvey, anali atamwalira dzulo lake. Tsopano anali m'bokosi pabalaza, atavekedwa suti yawo yabuluu, kolona ili m'manja. Wotchi yapakhoma anali ataiimitsa, kalilole atamuphimba ndi nsalu yoyera. Pambali pa bokosi panali mpando umodzi, ndipo chiyambire dzulo mpandowo sunakhale wopanda munthu. Womwalira sasiyidwa yekha mpaka atatuluka m'nyumba. Zimenezi ngakhale mwana amazidziwa.

Azakhali ake, a Dympna, analowa kukhitchini akudzitikita m'chiuno. Mpando uja anali atasiyira a Hughie Gaffney, mnansi amene anakulira limodzi ndi malemuwo.

"Iwe Nuala, buledi ameneyo ukumupaka kapena ukumupempherera? Anthu akubwera masana ano, osati pa Khirisimasi."

"Ndimaliza, azakhali."

"Ansembe aimba foni. Akuti mawa Misa ikatha, adzalankhule ndani m'malo mwa banja. Ndawauza kuti limenelo si funso. Tili ndi Fintan. Anthu amaima pamzere kuti amumve, ife tili naye m'nyumba."

Mpeni unaima pakati pa buledi. Nuala sanadzutse mutu. Ankamudziwa mlongo wakeyo. Fintan akakwera kuguwa, zonena zake sizikanathera pa kufotokoza za bambo awo. Akanapendeketsa mutu, n'kuyamba kulankhula ngati iwo, ndipo tchalitchi chonse chikanagwa ndi phwete, bokosi lili pomwepo. Nuala ankangofuna chinthu chimodzi, chakuti bambo ake apite kumanda osasekedwa. Koma kuti zimenezo zitheke ankayenera kutsegula pakamwa pamaso pa Fintan, ndipo anasiya kalekale kuchita zimenezo.

Fintan anachoka pakhomopo ali mnyamata, kupita ku Galway kukaphunzira uphunzitsi, koma sanamalize. Anayamba kumaima m'tizipinda tapamwamba pa malo omwera mowa, maikolofoni m'manja, akunena nthabwala kwa anthu ochepa amene ankangocheza zawo. Kwa zaka zingapo anakhalira nyemba za m'chitini. Tsiku lina nthabwala zake zonse zinagwa pansi, anthu n'kuyamba kuvala majekete. Posowa pogwira, anatsinzina diso limodzi n'kulankhula ngati bambo ake.

A Malachy anali achibwibwi. Mawu akawakakamira pakhosi ankatsinzina diso lakumanzere, n'kumamenya ntchafu ndi chikhatho mpaka mawuwo atatuluka. Akatuluka, ankadzitonthoza okha kuti, "Pa-pa-palibe chothamangira." Fintan atachita zimenezo, anthu aja anavula majekete n'kukhalanso pansi.

Kuyambira pamenepo zinamuyendera. Anafika ku Dublin, ku Edinburgh, kenako pa wailesi ya kanema. Dziko lonse linadziwa nkhani ya Adadi, monga ankawatchulira bambo akewo, ali kumsika wa ng'ombe, akulimbana ndi kutchula mtengo mpaka ng'ombeyo kugulidwa ndi wina, kubereka, mwana wake n'kugulitsidwanso. Linadziwanso ya Adadi akutsogolera kolona, banja lonse litagwada mpaka tiyi kuzizira, mpaka galu kugona, mpaka Nuala kumera imvi. Mawu a bambo awo anasindikizidwa pa malaya ndi pa makapu. Kenako kunabwera mafilimu. Fintan ankakhala wapolisi, wansembe, woyendetsa basi, nthawi zonse munthu woseketsa amene amaoneka kanthawi kochepa n'kusowa. Anasamukira ku London.

Poyamba a Malachy nawonso ankaseka. Fintan atabwera kudzasewera ku Carrick, tauni yapafupi ndi kwawo, bambowo anavala taye n'kukakhala kutsogolo. Koma usiku umenewo anthu ankati akaseka, ankatembenuka kuyang'ana iwo kuti aone ngati n'zofananadi. Pobwerera sanalankhule m'galimoto monse.

Zina zinabwera pang'onopang'ono. Anyamata a pomwetsera mafuta ankawalonjera ndi mawu awo omwe. Kumsika wa ng'ombe amuna ankati a Malachy akatsegula pakamwa, onse n'kukhala chete, milomo itakonzeka kale kumwetulira. Sikuti ankawada ayi. Ankawakonda, ankawanyadira ngati munthu wotchuka wa m'dera lawo. Pa maliro a mnansi wina, a Malachy anayamba kutsogolera gawo lawo la kolona monga ankachitira zaka zonse, ndipo mtsikana wina kumbuyo analephera kudzigwira. Amayi ake anamutsina, iye n'kusekanso, ena n'kutengera. A Malachy anamaliza gawolo, koma sanatsogolerenso kolona pena paliponse. Kusitolo anayamba kutuma Nuala. Ng'ombe ankawagulitsira ndi a Hughie. Pakhomo pa tchalitchi ankangogwedeza mutu n'kukhudza chipewa. Pomaliza, amene ankamva mawu awo anali Nuala ndi ng'ombe basi.

Tsiku lina Nuala anatenga foni kuti amuuze Fintan zonsezi. Bambo ake anamugwira pamkono.

"U-usamuuze. Ndi pamene mwanayo akudyera."

Nuala anaika foni pansi. Iye mwini anali ataphunzira kale kuti chilichonse chonenedwa pamaso pa Fintan chimakatulukira pa siteji. Nthawi ina anamuuza, akulira, za mwamuna amene anamulonjeza ukwati n'kupita ku Australia osabwereranso. Chaka chotsatira anaimva nkhaniyo pa kanema, ili ndi mawu ake enieni, anthu akupukuta misozi ya chiseko. Kuchokera pamenepo Fintan akabwera pa Khirisimasi ankapeza nyumba ya anthu awiri osalankhula, ndipo ankati ndi ukalamba ndi mvula ya kwawoko ku Leitrim.

Tsiku la malirolo Fintan anafika chakumasana pa galimoto yobwereka ku bwalo la ndege. Anali atanenepa, tsitsi litayera m'mbali, atavala chikhoti chachitali chosayenera matope a pakhomopo. Azimayi amene anali pakhonde nkhope zawo zinawala, ngakhale anali pamaliro. Fintan anawagwira chanza mwachangu n'kulowa pabalaza.

Nuala anaima pakhomo akumuyang'ana. Fintan anagwada pambali pa bokosi, n'kuika chipumi pa thabwa. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Sankadziwa kuti wina akumuona, ndipo kulira kwake kunali konyansa, kwa mamina, kosakonzekera. Mtima wa Nuala unafewa. Mwina, anaganiza, mwina yekha aona kuti mawa si tsiku lake.

Kukhitchini Fintan anamukumbatira, akununkhira sopo wa m'ndege.

"Sisitere Nuala. Waonda iwe. Kodi buledi yenseyu ndi wa anthu, iwe osalawako?"

Ankamutchula choncho kuyambira ali ana, chifukwa cha kufatsa kwake.

"Wafika bwino?"

"Ndinayesetsa kuti ndibwere sabata yatha, ukudziwa. Anandikaniza. Tinali pakati pojambula filimu, ine ndili wansembe, kachitatu tsopano. Ndikangovala kolala kamodzinso andidzoza zenizeni." Anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Ananena chiyani pomaliza?"

"Anapempha madzi."

"Basi?"

"Basi."

Sizinali zonse. Bambo awo analankhula zambiri usiku womaliza, za chiboda cha ng'ombe yofiira, za mkazi wawo amene anatsogola kalekale, ndiponso anafunsa ngati ku London kukuzizira. Koma Nuala anaona mmene Fintan anapendeketsera khutu, ngati munthu wotola zinthu zoti akagwiritse ntchito, ndipo anazisunga.

"Za mawa ndayamba kale kuganiza m'ndege," anatero Fintan akutola chidutswa cha buledi. "Sindikufuna kuti anthu azingokhala ndwii. Ndiyamba ndi ya kumsika ija, pang'ono chabe, aseke kaye, kenako ndiwagwetse misozi. Ndi mmene zimakhalira bwino. Adadi akanaseka okha."

Nuala anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo a Dympna analowa ndi ketulo.

"Fintan, mwana wa achimwene anga! Taona mimbayo. Ku London akukudyetsa chiyani, matayala?"

"Azakhali, inu simukalamba. Mwangofupika."

A Dympna anamumenya ndi kansalu kopukutira mbale, akuseka ndi misozi m'maso. Nuala anatseka pakamwa n'kuyamba kudula buledi pakati.

Masana onse anthu anabwera. Magalimoto anandanda m'mbali mwa msewu mpaka pa mlatho. Ankalowa pabalaza mmodzimmodzi, kudzilemba chizindikiro cha mtanda, kukhudza manja a womwalira, kenako kugwira chanza abale. "Pepani ndi zovutazi." "Pepani ndi zovutazi." Kwa Nuala ankanena zomwezo n'kudutsa. Kwa Fintan ankachedwa, dzanja osalisiya, ena n'kunong'ona kuti anamuona pa kanema. Akatero ankapita kukhitchini kumene kunali mbaula yofunda, tiyi, ndi botolo la wisiki limene a Hughie anatsegula.

Dzuwa litapendeka, mzere unatha. Ena anapita kukakama ng'ombe zawo kuti abwerenso pa kolona ya madzulo. Nuala anali pampando uja pamene anamva ana a ng'ombe akulira kukhola. Chiyambire m'mawa palibe anawamwetsa. Anakodola Fintan.

"Khala apa. Ndikamwetse ana a ng'ombe. Usachoke mpaka wina atabwera."

"Mwambo ndikuudziwa, Sisitere. Sindinabadwire ku London."

Anakhala pansi, n'kuvula mpango wa m'khosi n'kuukoleka pa mpando. Nuala anavala nsapato za mphira n'kutuluka.

Kunja kunkawaza mvula. M'khola munali fungo la udzu wouma ndi ndowe, fungo limene linali m'majuzi onse a bambo ake. Anasungunula mkaka wa ufa m'ndowa ndi madzi ofunda, akutakasa ndi dzanja monga iwo ankachitira. Ana a ng'ombe anagundagunda ndowazo, mmodzi n'kumayamwa chala chake. Pamenepo m'pamene analira, kwa nthawi yoyamba chimwalirire bambo ake, ataweramira pa chitseko cha khola. Atamaliza anatsuka ndowa, n'kusamba kumaso pa mpope.

Ali pakati pa bwalo, anamva mawu a bambo ake.

Anachokera pawindo la kukhitchini, okwera, amoyo, akulimbana ndi liwu limodzi. Anamvanso chikhatho chikumenya ntchafu. Nuala anaima. Kwa kamphindi thupi lake linakhulupirira, linafuna kuthamanga kukawaona, pakuti panali patapita zaka bambo ake osalankhula mokweza choncho. Kenako khitchini yonse inaphulika ndi chiseko.

Sanalowere kukhitchini. Anazungulira nyumba n'kulowera khomo lakutsogolo, nsapato za mphira zili kuphazi. Pakhonde panalibe munthu. Anakankha chitseko cha pabalaza.

Mpando unali wokha, mpango uli lende. Makandulo awiri ankayaka. A Malachy anali gone m'suti yawo yabuluu, popanda wowayang'anira, pamene kuseri kwa khoma mwana wawo ankalankhula m'mawu awo.

Nuala anakhala pampando. Anaika dzanja lake pa manja ozizira aja. Khomalo linali lopyapyala, ndipo anamva zonse. Ng'ombe inagulidwa ndi wina, inabereka, mwana wake anagulitsidwanso. Wina anakuwa kuti, "Ya kolona, Fintan! Ya kolona ija!" Anamva a Dympna akutsokomola ndi kuseka. Pawindo anaona a Hughie akutuluka okha, atavala chipewa, n'kukaima pageti m'mvula, atafulatira nyumba.

Anthu anaomba m'manja. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, Fintan n'kulowa ndi tambula m'dzanja, nkhope ili yofiira, maso akuwala. Ataona Nuala pampando, anaima. Anayang'ana bokosi, n'kuyang'ananso mpando.

"Aa. Ndinangotuluka pang'ono. Anabwera kudzanditenga, Nuala, akuti mwana wa a Gaffney wabwera kuchokera ku Sligo akufuna kundipatsa moni. Ndimati ndibwerera pompo."

Nuala sanachotse dzanja pa manja a bambo ake, ndipo Fintan anapitiriza.

"Ndimaganiza kuti azakhali alowa. Usandiyang'ane choncho. Anandipempha okha. Ndikanati chiyani? Pamaliro anthu amaseka, ndi mmene timachitira, si zachilendo. Pa maliro a Amayi, Adadi omwe ankanena nthabwala."

Anaika tambula pa shelefu pafupi ndi kandulo, kenako anaichotsa, n'kusowa poiika. Anatsamira khoma. Kuwala kuja kunazima m'maso mwake, n'kutsala munthu wotopa wa imvi m'mbali.

"Ukudziwa, chaka chatha ndinalemba zatsopano zokhazokha. Za ukalamba, za London, za banja langa lija linatha. Ndinazitengera ku Cork. Anthu anangokhala duu, ngati ali pa Misa. Kenako wina kumbuyo anakuwa, 'Tipatse Adadi!' Ndinawapatsa. Denga linatsala pang'ono kugwa." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndilibe china, Nuala. Ndikamachita zija ndimawamva ali pafupi. Panopa ndi pokhapo pamene nditi ndiziwapeza. Ndipo iwo ankanyadira. Ukukumbukira ku Carrick, atavala taye?"

Nuala anayang'ana nkhope ya bambo ake. Diso lakumanzere linali lotseka mofanana ndi linzake. Anawauza mumtima kuti amukhululukire. Atayamba kulankhula, mawu ake anatuluka otsika ndi osasa, moti Fintan anachita kuwerama kuti amve.

"Tseka chitseko."

Fintan anatseka.

"Unawamva liti Adadi akulankhula komaliza? Osati moni. Kulankhula."

"Pa Khirisimasi, mwina. Anali atakalamba, sankakonda..."

"Sanali atakalamba. Ndi ine ankalankhula mpaka tiyi kuzizira, monga umanenera muja. Ndi ng'ombe ankalankhula. Iwe ukalowa pageti ankatseka pakamwa, chifukwa ankadziwa kuti ukumvetsera ndi khutu la ntchito. Ukaimba foni ndimati ali kukhola. Anali pompo, Fintan, pambali panga, akundikodola kuti ndikane."

"Nuala."

"Ndisiye ndimalize, sindidzayambanso. Kumsika anasiya kupita. Kusitolo anasiya. Kolona anasiya kutsogolera, pa maliro a mayi Reilly, mwana wina ataseka. Munthu amene moyo wake wonse ankalimbana ndi liwu lililonse, osachita manyazi, n'kumalitulutsa ndithu. Chibwibwi sichinawatseke pakamwa zaka zonse zija. Anabadwa nacho, anafunsira nacho mbeta, anatilera nacho. Unawatseka pakamwa ndi iwe."

Fintan anatsetsereka pakhoma mpaka kukhala pansi, tambula ili pakati pa mawondo.

"Bwanji sanandiuze? Bwanji iwe sunandiuze?"

"Anandiletsa. Anati ndi pamene ukudyera. Ankakukonda, usaganize kuti ayi. Mafilimu ako onse anaonera, ngakhale aja umangoonekamo ukutsegula chitseko cha basi. Ankati ukamakhala munthu wina umachita bwino. Koma ukangopendeketsa mutu, ankanyamuka n'kupita kukaona ng'ombe, ngakhale kunja kuli chisanu."

Kukhitchini wina anayambitsa nyimbo, ena n'kumuletsa. Fintan ankalira mwakachetechete, pakamwa pali yasa.

"Ndinawasunga ndekha, sindikudandaula. Ndinawasambitsa, ndinawameta. Kwa iwe ndinapempha chinthu chimodzi, kuti ukhale pampando uwu mpaka ndibwere kukhola. Unawasiya okha kuti ukawasewere kukhitchini kwawo komwe. Ndiye tamvera. Mawa sukwera kuguwa. Ukawauze wekha azakhali ndi ansembe, unene chilichonse chimene ungafune, ndiwe wodziwa kulankhula. Ukanyamula bokosi paphewa ndi amuna anzako, ukaponya dothi, basi. Ndikalankhula ndine. Sindikudziwa kuti ndikanena chiyani, mwina ndikangonena kuti anali bambo anga ndipo ankadziwa ng'ombe. Palibe akaseke. Ndipo zimene ndakuuza m'chipinda muno, Fintan, ndisadzazimve pa kanema. Zimenezi ndi zanga."